Machona a Mitundu Iwiri: Amalta ndi Apalestina

Omvera amene anawerenga buku la Macitidwe a Atumwi adzakumbukira kuti mtumwi Paulo anakwera ngalawa pa doko la Caesarea, m'dziko la Palestine, ali wam'nsinga, ndi kuti atasautsidwa masiku ambiri ndi namondwe anakapulumukira pa cisumbu cochedwa Melita. Cisumbu cimeneco ndico Malta. Maiko awiriwa agawana nyanja imodzi, ya Mediterranean: Palestine ali ku gombe la kum'mawa, Malta ali pakati peni peni, mamailosi ngati 60 kumwera kwa Sicily. Onse awiri ndi ang'ono, onse awiri analamulidwapo ndi Angerezi, ndipo ngakhale zinenero zao nzapacibale, pakuti cinenero ca Amalta cinaphuka pa Ciarabu cimene cinalowa pa cisumbupo Aarabu atacigonjetsa m'caka ca 870. Kufikira lero Mkatolika wa ku Malta akagwada m'chalichi achula Mulungu kuti Alla.

Koma cimene cawaika pamodzi m'nkhani ino ndi cina. Mitundu yonse iwiri iri ndi ana ambirimbiri okhala m'maiko a eni. Anthu a kuno sasowa kuwafotokozera za machona, amuna amene anapita ku Johannesburg kapena ku Bulawayo kukafuna ndalama ya msonkho ndi bulangeti, nakalambira konko. Adziwanso kuti pa ulendo wotere cuma coyamba ca munthu cinali citupa cace. Tsono funso ndi lakuti, ana obalalika a Malta ndi a Palestine apeza bwanji kumene anapitako? Ndani anakhuta, ndani anagona ndi njala, ndipo cinawasiyanitsa nciani? Kuyenera kuneneratu kuti kulinga mitundu iwiriyi pa ciwerengero kuli ngati kulinga mbuzi ndi ng'ombe. Zisumbu zonse za Malta pamodzi ziri ndi masikweya mailosi 122 okha, ndipo m'caka ca 1948 munali anthu ngati 306,000; Apalestina pa dziko lonse lapansi apitirira 14 miliyoni, ndipo ngati theka la iwo akhala kunja kwa dziko la makolo ao.

Amalta anacoka kwao cifukwa ca njala ya nchito. Cisumbu cao ndi thanthwe. Dothi nlocepa, mtsinje woyenda caka conse palibe, ndipo mabanja anali akuru. Kuyambira 1800, pamene Angerezi analowa, moyo wa cisumbu unatsamira pa zombo za nkhondo ndi pa malo ozikonzera a ku Grand Harbour. Nkhondo ikabuka, nchito inkacuruka ndipo ndalama inkayenda. Mtendere ukadza, amuna zikwi ankacotsedwa. Ncinthu cacilendo kuti dziko liziopa mtendere, koma ndimo zinaliri. M'mwezi wa June 1919, nkhondo yoyamba itangotha, anthu anacita cipolowe ku Valletta cifukwa ca kudula kwa buledi ndi kusowa kwa nchito. Asilikari a Angerezi anaombera, nafa anthu 4.

Njira yoyamba yoturukira inali yaifupi, ya kumpoto kwa Africa. M'zaka za m'ma 1800 Amalta anadzaza madoko a Tunis, Sfax, Tripoli, Alexandria, Port Said ndi Bône wa ku Algeria. Cinenero cinawathandiza, popeza ankamvana ndi Aarabu pa msika mosabvuta. Anali oweta mbuzi ogulitsa mkaka khomo ndi khomo, oyendetsa ngolo za akavalo, asodzi, onyamula katundu pa doko, eni timasitolo. Azungu anzao, makamaka Afalansa a ku Algeria, ankawaona ngati a pansi, Azungu osakwanira. Koma anali ndi cinthu cimodzi cimene eni nthaka analibe: anali anthu a ufumu wa Angerezi, ndipo pa mlandu ankathamangira kwa kazembe wa Angerezi. Pambuyo pace France anawameza. Lamulo la 1889 ku Algeria ndi la 1923 ku Tunisia linasandutsa mbadwa zao za komweko kukhala nzika za France, ndipo adzukulu a oweta mbuzi anakhala makalaliki ndi amalonda.

Njira yaitali, ya ku Australia, inatseguka mobvuta. M'caka ca 1916 sitima ya Afalansa yochedwa Gange inafika ndi Amalta 214. Masiku amenewo Australia anali pa mkangano waukuru wa kukakamiza amuna kulowa usilikari, ndipo mabungwe a anchito anaopa kuti alendowa adza kudzatenga malo a anyamata opita ku nkhondo, pa malipiro ocepa. Boma la Billy Hughes linali ndi msampha wocherachera kale: lamulo linkalola kuyesa mlendo mayeso a kulemba mau omuwerengera m'cinenero ciri conse ca ku Ulaya. Amalta aja anayesedwa m'Cidachi, cimene sanacimvepo cibadwire, ndipo analephera monga kunafunidwira. Anawatengera ku Nouméa, pa cisumbu ca New Caledonia, ndipo anawalola kutsika mu Australia m'caka ca 1917, atazunzika miyezi ingapo. Amene analowa m'zaka zimenezo ena anakadula nzimbe ku Mackay, ena anatsikira m'migodi ya Broken Hill, amene anabwereketsa dzina lace kwa tauni ya kuno imene tsopano ichedwa Kabwe. Enanso anatembenukira ku America, ku mafakitale a magalimoto a ku Detroit, ndi ku Toronto.

Nkhondo yaciwiri inasintha zinthu. Ndege za Ajeremani ndi Ataliyana zinagumula Malta koopsa, ndipo m'April 1942 Mfumu George VI inapatsa cisumbu conse mendulo ya George Cross. Nkhondo itatha, nchito za pa doko zinayambanso kucepa. Koma Australia analikufuna manja a m'mafakitale, ndipo anthu amene kale anawakayika tsopano anawaona ngati ngwazi. M'caka ca 1948 maboma awiri anapangana kuti wopita azilipira kagawo kakang'ono ka mtengo wa ulendo, zotsala alipire maboma. Kuyambira 1946 kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu oposa 140,000 anacoka pa cisumbupo; oposa theka anapita ku Australia, otsala ku Britain, Canada ndi America. M'caka ca 1954 cokha anacoka oposa 11,000, ndiko kuti munthu mmodzi mwa anthu 30 ali onse. Apa pali mfundo imene iyenera kugwiridwa zolimba, pakuti nkhani yonse ilendewera pa iyo: Amalta anatumizidwa ndi boma lao lomwe. Linali ndi ofesi yoona za opita kunja, linkakambirana ndi maboma olandira, ndipo Eklesia Katolika anakhazikitsa bungwe la Emigrants' Commission m'caka ca 1950, natumiza ansembe kutsata nkhosa zao. Munthu ankacoka masana, abale akumtsazika pa doko, pasipoti iri m'thumba.

Ambiri anafika ndi sukulu yocepa, pakuti lamulo lokakamiza ana kupita ku sukulu linadza ku Malta m'caka ca 1946. Anagwira nchito za manja m'mafakitale a kumadzulo kwa Melbourne, ku Sunshine ndi St Albans, pa njanji ndi pa madoko; a ku Sydney anagula timinda ku Pendle Hill ndi Greystanes, nalima ndiwo zamasamba ndi kuweta nkhuku. Munthu wokulira pa thanthwe, kumene munda ulingana ndi mphasa, akaona dothi lotsika mtengo sagona tulo. Anagula malo, namanga nyumba pa masiku opumula mothandizana mbale ndi mbale. Ndipo mzinda utakula ndi kumeza timinda tija, malo ogulidwa ndi ndalama zocepa anasanduka cuma ca ana. Olemera oopsa sanaturuke ambiri pakati pao, ndipo m'mbadwo woyamba ofika ku yunivesiti anali owerengeka. Koma anali ndi nyumba yaoyao, penshoni ndi voti. Kalembera wa Australia wa 2021 anapeza anthu pafupi 200,000 odzinenera kuti ali a mbumba ya Malta.

Si zonse zinali zokoma. Midzi inatsala ndi akazi ndi nkhalamba. Atsikana ena anakwatiwa m'chalichi mkwati palibe, mbale wace ataima m'malo mwace, nakwera sitima kukapeza mwamuna amene anamdziwa pang'ono cabe. Coipa koposa ndi ca ana 310 amene anatumizidwa ku Australia pakati pa 1950 ndi 1965, makolo ao atalonjezedwa kuti anawo akaphunzira. Ambiri anakagwiritsidwa nchito ya kalavula gaga m'nyumba za ana amasiye, ena anacitidwa nkhanza zosaneneka, ndipo nduna yaikuru Kevin Rudd inapepesa ana otere m'caka ca 2009. Komabe khomo lobwerera silinatsekedwe. Ngati mmodzi mwa ocoka 4 ali onse anabwerera, ndipo pa cisumbu ca Gozo muli nyumba za miyala zokhala ndi cithunzi ca kangaroo kapena tsamba la mbendera ya Canada pamwamba pa citseko, kuonetsa kumene kunacokera ndalama yomangira.

Mbiri ya Apalestina iri ndi magawo awiri osiyana kotheratu, ndipo kuwasanganiza ndiko kusokoneza anthu ambiri. Gawo loyamba lifanana ndi la Amalta. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dziko likali m'manja mwa Aturuki, Akristu a ku Bethlehem, Beit Jala ndi Beit Sahour anayamba kuoloka nyanja ndi mitanda, makorona ndi tizifanizo tosema pa mtengo wa azitona ndi pa zigoba za m'nyanja, kukagulitsa kwa Akatolika a ku South America, amene ankakonda cinthu cocokera ku Dziko Loyera. M'caka ca 1909 Aturuki anayamba kulemba ndi Akristu omwe usilikari, ndipo ocoka anacuruka. Opita ku Chile ambiri ankatsikira ku Buenos Aires ndi kuoloka mapiri a Andes pa nyuru. Eni dziko anawacha "turcos" cifukwa ca mapasipoti ao a Aturuki, ndipo dzinalo linali la citonzo. Anayamba ndi mtolo wa nsaru kumsana, mudzi ndi mudzi, akukongoza osauka amene masitolo akuru sankawakongoza. Mtolo unabala kasitolo, kasitolo kanabala fakitale.

Juan Yarur, mbadwa ya Bethlehem, anamanga fakitale yaikuru ya nsaru ku Santiago m'zaka za 1936 ndi 1937, nakhalanso mmodzi wa oyambitsa banki ya Banco de Crédito e Inversiones, imene banja lace likali nayo. Ku Chile kuli a mbumba ya Palestine ambiri kuposa dziko liri lonse kunja kwa Middle East. Owerengera awaika pakati pa 300,000 ndi 500,000, ndipo ali ndi timu yao ya mpira, Palestino, yoyambika m'caka ca 1920. Ku Honduras malonda ambiri a mzinda wa San Pedro Sula ali m'manja mwao, ndipo Carlos Flores Facussé, amene amai ace anali a mbumba ya Bethlehem, analamulira dzikolo kuyambira 1998 kufikira 2002. Ku El Salvador, pa cisankho ca 2004, opikisana akuru awiri, Antonio Saca ndi Schafik Handal, onse anali adzukulu a Bethlehem. Cimene cinawakhazika kumeneko cinali cowawa. Ambiri anacoka ali ndi mtima wodzabwera, koma Angerezi atalowa m'Palestine anaika lamulo la unzika la 1925, limene linapatsa okhala kunja nthawi yaifupi yopemphera, ndipo opempha ambiri anakanidwa. Ataona kuti kwao kwawakana, ndalama imene akadamangira nyumba ku Bethlehem anaiika m'makina a ku Santiago. Maiko a kumeneko apatsa unzika mwana ali yense wobadwiramo, motero ana ao anakula ali eni dziko.

Gawo laciwiri silifanana ndi la machona konse, pakuti mchona acoka mwa kufuna kwace. Pa nkhondo ya 1948 anthu oposa 700,000 anathawa kapena kupitikitsidwa, ndipo midzi yoposa 400 inatsala mabwinja. Apalestina acha caka cimeneco Nakba, ndiko kuti tsoka lalikuru. Ambiri anali alimi, ndipo cuma ca mlimi sicinyamulika: munda, citsime, mitengo ya azitona, malalanje a ku Jaffa. Dziko latsopano la Israel silinawalole kubwerera, ndipo lamulo lace la 1950 la katundu wa anthu osakhalapo linaika minda ndi nyumba zao m'manja mwa boma. Ngakhale ndalama zao za m'mabanki zinatsekeredwa zaka zingapo. Pasipoti imene anali nayo inalembedwa pa cikuto kuti nja Britain, monga ya Mmalta. Koma ulamuliro wa Angerezi utatha m'May 1948, pasipotiyo inafa. Caka comweco cimene pepala la Mmalta linamtsegulira Australia, pepala la Mpalestina linasanduka cinyalala.

Bungwe la United Nations linakhazikitsa nthambi ya UNRWA m'December 1949 kuti igawe mahema, ufa ndi mankhwala kwa kanthawi. Kanthawiko kakali kupitirira. Olembedwa m'kaundula wace afika pafupi 6 miliyoni, ndipo ngati gawo limodzi mwa magawo 3 akhala m'misasa 58. Tsono anthu a mudzi umodzi, a magazi amodzi, anaona masiku osiyana monga mwa malire amene anaoloka usiku uja. Ofika m'Jordan ambiri analandira unzika, umene lamulo la 1954 linaukhazikitsa, ndipo malonda ambiri a mzinda wa Amman anamangidwa ndi iwo. Koma ocokera ku Gaza pa nkhondo ya 1967 sanaulandire, ndipo msasa wao wa ku Jerash uli pakati pa misasa yosaukitsitsa m'dzikomo. Syria sanapatse unzika, koma lamulo lace la 1956 linawalola kugwira nchito ndi kuphunzira monga eni dziko. Msasa wa Yarmouk ku Damascus unakula kukhala tauni ya misika ndi nyumba zosanja, ya Apalestina ngati 160,000, kufikira nkhondo ya m'dzikomo inaugumula pakati pa 2012 ndi 2018.

Lebanon ndiye anaumitsa mtima koposa. Dzikolo ligawa maudindo a boma monga mwa zipembedzo, ndipo atsogoleri ace anaopa kuti kupatsa unzika Asilamu ambiri otere kudzapendeketsa muyeso. Cotero Mpalestina wobadwira m'Beirut, amene atate ace anabadwiranso momwemo, akali mlendo. Nchito zoposa 30, monga udotolo, uloya ndi uinjiniya, nzotsekedwa kwa iye ngakhale ali ndi satifiketi; ndipo lamulo la 2001 linamletsa kugula nyumba kapena malo, kotero kuti nkhalamba imene inagula kanyumba kale singathe kukalembetsa m'dzina la mwana wace. Misasa monga Shatila, Burj al-Barajneh ndi Ain al-Hilweh siiloledwa kufutukuka, motero ikulira kumwamba, cipinda pamwamba pa cipinda, njira zace zopapatiza mosafika dzuwa, waya wa magetsi atapiringizana ndi mipope ya madzi. M'caka ca 2022 UNRWA inanena kuti oposa 9 mwa Apalestina 10 ali onse a m'Lebanon anali amphawi.

Munthu wolandidwa munda afuna cuma cimene msilikari sangamlande pa malire, ndipo Apalestina anacipeza m'sukulu. Apa asiyana kwambiri ndi Amalta: wina anaika thukuta lace m'dothi ndi m'njerwa, popeza anadziwa kuti palibe adzamcotsa, wina analiika m'mutu mwa mwana wace. Sukulu za UNRWA zinakula kufikira zoposa 700, za ana ngati theka la miliyoni, ndipo zinaturutsa aphunzitsi, makalaliki ndi amisiri pa nthawi yomwe maiko a mafuta a ku Gulf anawasowa. Kuwait anayamba kugulitsa mafuta kunja m'caka ca 1946, ndipo Apalestina anamphunzitsira ana, namyendetsera maofesi, zipatala ndi nyuzi. Yasser Arafat yemwe anagwirako nchito ya uinjiniya. Mnyamata mmodzi wa ku Kuwait ankadyetsa banja lonse la mumsasa ndi kulipirira abale ace sukulu. Pofika 1990 analiko ngati 400,000.

Olemera akuru anaturukanso, oposa ali yense amene Amalta a kunja anabala. Abdul Hameed Shoman wa ku Beit Hanina anapita ku America m'caka ca 1911 kukagulitsa katundu khomo ndi khomo, nabwera kudzatsegula Arab Bank m'Jerusalem m'caka ca 1930. Nthambi zace za ku Haifa ndi Jaffa zitatayika mu 1948, iye anasamutsira likulu ku Amman nabwezera othawa ndalama zao zimene anasungitsa. Mbiri imeneyo ndiyo inakulitsa bankiyo. Hasib Sabbagh, Said Khoury ndi Kamel Abdul-Rahman anayambitsa Consolidated Contractors Company m'caka ca 1952, imene inakhala imodzi ya makampani akuru omanga a ku Middle East. Koma nkhani ya Yusuf Beidas ndiyo ionetsa malire a cuma copanda dziko. Iye anathawa ku Jerusalem, nayamba ndi kusintha ndalama m'Beirut, ndipo Intra Bank yace ya 1951 inakula kuposa mabanki onse a Lebanon, iri ndi gawo m'kampani ya ndege ya Middle East Airlines ndi m'doko la Beirut. M'October 1966 osungitsa anathamangira kudzatenga ndalama zao, banki yaikuru ya boma siinampatse thandizo lokwanira, ndipo Intra inagwa. Beidas anali wothamanga magazi pa malonda, zimenezo nzoona. Koma ambiri akhulupirira kuti akadakhala mwana wa limodzi la mabanja akuru a Lebanon sakadamsiya kumira. Anamwalira ku Switzerland m'caka ca 1968.

Pali zocitika ziwiri zimene zilola kulinga mitundu iwiriyi pa muyeso umodzi, pakuti Amalta naonso analawapo kupitikitsidwa. M'caka ca 1956, Britain ndi France atathira nkhondo Egypt cifukwa ca ngalande ya Suez, boma la Gamal Abdel Nasser linacotsa anthu a ufumu wa Angerezi, ndipo Amalta a ku Alexandria, Cairo ndi Port Said anagwera momwemo. Mabanja amene anakhala m'Egypt mibadwo itatu anasiya nyumba ndi masitolo, naturuka ndi masutikesi okha. Ambiri sanaonepo Malta, ndipo sanapite kumeneko. Anapita ku Britain, kumene anayamba kukhala m'nyumba za othawa, ndi ku Australia. Cimodzimodzinso a ku Algeria m'caka ca 1962 anaolokera ku France pamodzi ndi Azungu ena. Anataya zambiri, ndipo nkhalamba zao zinafa ndi cisoni. Koma patapita zaka zowerengeka panalibenso msasa wa Amalta pena pali ponse, popeza dziko limene anafikamo linkawawerenga kale ngati anthu ace.

Cocitika caciwiri ndi ca ku Kuwait. Akuru amati mlendo ndi mame, ndipo Kuwait anasunga Apalestina monga mame kwa zaka 40: unzika sanawapatse, malo sanawalole kugula, bizinesi inkafuna mwini dziko m'dzina, ndipo cilolezo cokhala cinkatha pamodzi ndi nchito. Iraq atalowa m'Kuwait m'August 1990, atsogoleri a PLO anaoneka kuti ali mbali ya Saddam Hussein. Ngati theka la Apalestina anacoka m'miyezi ya nkhondo, ndipo otsala ambiri anacotsedwa Kuwait atamasulidwa m'caka ca 1991. Amene anali ndi pasipoti ya Jordan anapita ku Amman, kumene ambiri a ana ao sanakhalepo. Madotolo ndi mainjiniya anasanduka oyendetsa matakisi, ndipo mabanja a ku West Bank ndi Gaza amene ankadya ndalama ya ku Kuwait anagona ndi njala pamodzi nao. Amene anali ndi kapepala ka ulendo kokha ka Egypt, kopatsidwa kwa anthu a ku Gaza, anasowa ngakhale dziko lowalandira. M'caka ca 1995 Muammar Gaddafi anacitanso zofanana ku Libya, ndipo ena anakhala miyezi m'mahema pa malire a Libya ndi Egypt.

Poona zonsezi sikungakhale koona kunena kuti mtundu wina uli wolemera kuposa unzace. Amalta a kunja ali ngati munda wocha mofanana, wopanda phesi lalitali koposa ndiponso wopanda malo ouma. Apalestina ali ndi nsonga ziwiri zotalikirana: mwini banki wa ku Santiago ndi mnyamata wa ku Shatila woletsedwa nchito imene anaphunzira. Khama nlimodzi, kugwirizana kwa pa cibale nkumodzi. Ndipo kumene Mpalestina anapatsidwa unzika, ku Chile, ku America kapena ku Jordan, anakwera msanga monga Mmalta, kawiri kawiri kumposa.

Malta analandira ufulu pa 21 September 1964, patatsala mwezi umodzi kuti Zambia alandire wace, ndipo asilikari otsiriza a Britain anacoka m'March 1979. Cisumbu cinaphunzira kudya za alendo odzaceza, za mafakitale ndi za mabanki, ndipo cinalowa mu European Union m'caka ca 2004. Kucoka kwa unyinji kunatha. Kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa 500,000, ndipo oposa mmodzi mwa 5 ali onse anali alendo, ambiri odzafuna nchito. Malamulo a 1989, 2000 ndi 2007 analola ocoka aja, ana ao ndi adzukulu ao kukhala ndi unzika wa maiko awiri, kotero kuti mdzukulu wa ku Melbourne wosadziwa liu limodzi la Cimalta angathe kutenga pasipoti yomlola kugwira nchito ku Paris kapena ku Berlin. Ku West Bank kulinso midzi yofanana ndi ya ku Gozo, monga Deir Dibwan ndi Turmus Ayya pafupi ndi Ramallah, ya nyumba zazikuru za miyala zomangidwa ndi madola a ku America, zotsekedwa mazenera miyezi yambiri ya caka. Koma Israel atalanda West Bank m'caka ca 1967 anawerenga anthu, ndipo amene anali kunja tsiku limenelo sanalembedwe ngati okhalamo. Ambiri a iwo, ndi ana ao, akafuna kugona m'nyumba imene anamanga m'mudzi wa makolo ao alowa ndi cilolezo ca mlendo, ca miyezi 3, cimene msilikari wa pa malire angathe kupereka kapena kukana.